Sukulu Yaing'ono ya pa Msewu wa 22: Mbiri ya Science Leadership Academy

Science Leadership Academy ndi sukulu ya sekondale ya boma mumzinda wa Philadelphia ku America. Inatsegula zitseko mu Seputembala 2006, koma mbiri yake siyambira pamenepo. Mkangano umene unabala sukuluyi ndi wakale kuposa dziko la United States lenilenilo, ndipo unayambira mumzinda womwewo.

M'chaka cha 1723 mnyamata wa zaka 17, Benjamin Franklin, anafika ku Philadelphia atathawa ntchito kwa mkulu wake ku Boston. Sukulu anangoilawa zaka ziwiri zokha. Zina zonse anaziphunzira ali pa makina osindikizira, m'mabuku obwereka, ndiponso m'kagulu ka amisiri anzake kotchedwa Junto, kamene anakayambitsa mu 1727 kuti azikumana madzulo n'kumafunsana mafunso. Atatchuka n'kupeza bwino, mu 1749 analemba kabuku kolongosola mmene ana a ku Pennsylvania ayenera kuphunzirira. Iye ankafuna kuti aziphunzira masamu, kujambula, mbiri, zachilengedwe, kubzala ndi kumezanitsa mitengo, ndi kayendedwe ka makina, zonsezo m'Chingelezi chimene ankayankhula kunyumba. Sukulu imene anailimbikitsa inatsegulidwa mu 1751, ndipo ndiyo inadzakula n'kukhala University of Pennsylvania. Koma akuluakulu oyang'anira sukuluyo mtima wawo unali pa Chilatini ndi Chigiriki, maphunziro a ana a mabwana, moti mbali ya Chingelezi inafota. Mu 1789, kutatsala chaka chimodzi kuti amwalire, Franklin anali akudandaulabe kuti cholinga choyamba chija chinatayidwa.

Patapita zaka 34 chimwalirireni, mu 1824, anthu awiri anadzutsa maganizo akewo. Samuel Vaughan Merrick anali wamalonda wachinyamata wopanga makina ozimira moto, ndipo William Keating ankaphunzitsa sayansi ya miyala ndi kemisitile pa yunivesite. Iwo anayambitsa bungwe la Franklin Institute kuti amisiri, osula zitsulo ndi anyamata ophunzira ntchito azipeza sayansi imene ili kuseri kwa ntchito ya manja awo. Kunkachitika maphunziro amadzulo, kalasi yojambula mapulani a makina, ndi zionetsero za zinthu zopangidwa m'mafakitale. Mu 1826 bungwelo linayamba kusindikiza magazini yake ya sayansi, n'kutsegulanso sukulu ya sekondale ya anyamata. M'zaka za m'ma 1830, pamene maboila a sitima zapamadzi ankaphulika n'kupha anthu m'mitsinje ya ku America, linali bungwe lomweli limene linafufuza chifukwa chake ndi thandizo la ndalama za boma, motsogozedwa ndi Alexander Dallas Bache, mdzukulutubvi wa Franklin. Bache yemweyo anadzakhala mkulu wa Central High School, sukulu ya sekondale yoyamba ya boma mumzindawo, imene inatsegulidwa mu 1838. Central inkasankha ana ake, ndipo inakhala ya anyamata okhaokha mpaka 1983. Mwambo wa sukulu za boma zosankha ana unayambira pamenepo, ndipo tidzakumana nawonso.

Mu 1934 Franklin Institute inasamukira m'chinyumba chachikulu pa msewu wa Benjamin Franklin Parkway n'kukhala malo oonetserako za sayansi kumene mlendo amaloledwa kugwira, kupukusa ndi kuyesa zinthu. Chapakati pa zaka za m'ma 1950 anamangamo chimtima cha munthu chachikulu moti mwana amalowa mkati n'kuyenda njira imene magazi amayenda. Ana a mibadwo ingapo a ku Philadelphia akhala akubwera ndi basi ya sukulu, kudutsa mumtimamo, kudya kamba wawo n'kubwerera. Ulendo wake unali wa tsiku limodzi pa chaka.

Mzinda unkasintha. Mu 1950 munali anthu oposa 2 miliyoni. Pofika 2000 anatsala pafupifupi 1.5 miliyoni. Mafakitale a nsalu, a sitima ndi a zitsulo anatsekedwa, ndipo mabanja opezako bwino, ambiri mwa iwo azungu, anasamukira m'matauni ozungulira. Ku America gawo lalikulu la ndalama za sukulu limachokera ku msonkho wa nyumba ndi malo a m'dera lomwelo, choncho osamukawo anapita ndi msonkho wawo. Otsala anali ana ambiri akuda ndi ochokera m'mabanja oyankhula Chisipanishi, ambiri a iwo osauka, m'masukulu akuluakulu a ana 2,000 kapena kuposa, mmene mwana akanatha kujomba mlungu wathunthu popanda wamkulu womufunsa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pafupifupi theka lokha la ana oyamba sekondale ndi amene ankamaliza m'zaka zinayi zoikika.

Mu Disembala 2001 boma la Pennsylvania linalanda ulamuliro wa masukulu a mumzindawo n'kuupereka kwa komiti ya anthu asanu yotchedwa School Reform Commission, atatu osankhidwa ndi bwanamkubwa, awiri ndi meya. Masukulu ena anaperekedwa m'manja mwa makampani. Mu 2002 komitiyo inaitana Paul Vallas, amene anayendetsapo masukulu a ku Chicago, kuti adzakhale mkulu. Chaka chomwecho Pulezidenti George W. Bush anasaina lamulo la No Child Left Behind, limene linachititsa kuti sukulu iliyonse iziweruzidwa ndi zotsatira za mayeso a boma a masamu ndi kuwerenga. Aphunzitsi ambiri anayamba kuphunzitsa mayeso m'malo mophunzitsa ana.

Panalinso mphepo ina imene inkawomba nthawi yomweyo. Kuyambira m'ma 1980 anthu monga Ted Sizer, amene anayambitsa Coalition of Essential Schools mu 1984, ndi Deborah Meier, amene anatsegula sekondale yaing'ono ya Central Park East ku East Harlem mu 1985, ankanena kuti sukulu iyenera kuchepa mpaka mphunzitsi aliyense adziwe bwino ana ake, ndiponso kuti mwana azionetsa zimene akudziwa pochita chinthu chooneka. Bungwe la Bill ndi Melinda Gates linathira ndalama zokwana pafupifupi madola 2 biliyoni pa ntchito yogawa masukulu akuluakulu ndi kutsegula aang'ono. Vallas analowa nawo m'gululo, ndipo anapempha mabungwe otchuka a mumzinda kuti aliyense agwirane manja ndi boma potsegula sekondale. Mu Seputembala 2006 zinatsegulidwa zitatu zimene anthu ankazikamba kwambiri. Microsoft inathandiza kukonza School of the Future, chinyumba chatsopano cha madola oposa 60 miliyoni ku West Philadelphia. National Constitution Center inathandiza kuyambitsa Constitution High School. Franklin Institute inatenga ya sayansi.

Woyambitsa sukulu ya sayansiyo sanali wasayansi. Chris Lehmann anaphunzira zolembalemba za Chingelezi ku University of Pennsylvania, ndipo kwa zaka 9 anaphunzitsa Chingelezi pa Beacon School, sekondale yaing'ono ya boma ku New York, kumene ankayang'aniranso makompyuta ndi kuphunzitsa atsikana basiketibo. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene panagona mwayi wa sukuluyi. Munthu wotereyu sanaone sayansi ngati mulu wa mfundo zoloweza. Anaiona ngati khalidwe: kufunsa funso, kufufuza, kugwirira ntchito limodzi ndi ena, kuonetsa zimene wapeza pamaso pa anthu, kenaka kukhala pansi n'kulingalira pamene zinayenda ndi pamene zinalakwika. Masitepe asanu amenewa iye ndi aphunzitsi oyamba anawaika kukhala maziko a phunziro lililonse, kaya ndi fizikisi, mbiri, Chisipanishi kapena ndakatulo.

Sukuluyo sinamangiridwe nyumba. Boma linachita lendi nyumba ya maofesi pa nambala 55 North 22nd Street, mtunda woyenda pansi mphindi zochepa kuchokera ku Franklin Institute. Chaka choyamba munalowa ana opitirira pang'ono 100, onse a giredi 9, imene tingaiyerekeze ndi Fomu 1. Chaka chilichonse ankawonjezera kalasi imodzi mpaka anakwana pafupifupi 500, ndipo anaima pamenepo mwadala.

Mwana aliyense ankapatsidwa laputopu yoti azipita nayo kunyumba. Atolankhani ankakonda kujambula zimenezo, poti mu 2006 zinali zachilendo m'sukulu ya boma ya mumzinda wosauka. Koma Lehmann ankabwereza kunena kuti kompyuta iyenera kukhala ngati mpweya: ipezeke paliponse, ikhale yofunika, koma isaoneke. Mwana asamaganize kuti tsopano ndi nthawi ya kompyuta. Aziitsegula pamene funso lake laifuna, monga mmene mmisiri amatolera chida chimene ntchito yaitana, osachita kuchiyang'anitsitsa.

Chimene chinasintha kwambiri moyo wa m'kalasi ndi kayesedwe. Mayeso ang'onoang'ono analipo, ndipo mayeso a boma ana ankalemba monga anzawo onse, koma pa kutha kwa gawo lililonse la chaka chimene chinkalemera ndi pulojekiti. Mwana ankayenera kupanga kanthu: kafukufuku wa mu labotale, kanema, chida chogwira ntchito, sewero, ndondomeko yothetsera vuto la m'dera lake. Aphunzitsi onse ankayeza ntchitozo ndi muyeso umodzi wa mbali zisanu, woona kakonzedwe, chidziwitso, kagwiritsidwe ntchito ka chidziwitsocho, kaonetsedwe, ndi njira imene mwana anadzera. Ubwino wa muyeso umodzi ndi wakuti mwana sataya mphamvu poloweza zofuna za mphunzitsi aliyense payekha. Chaka chilichonse chinalinso ndi mutu wake wolumikiza maphunziro onse: chaka choyamba mwana amafunsa kuti iye ndani, chachiwiri amaona mmene zinthu zimalukanirana, chachitatu amaphunzira za kusintha, chachinayi amalenga chake. M'zaka zoyambirira zomwezo ana a kalasi ya uinjiniya anapanga makina opangira mafuta a dizilo kuchokera ku mafuta a zomera, oti mafuta azituluka mosalekeza m'malo mophika mphika umodzi umodzi, ndipo maganizo awo anali pa midzi ya ku Latin America kumene mafuta ndi odula.

Lachitatu masana sukulu inkakhuthuka. A chaka choyamba ankayenda pansi kupita ku Franklin Institute kukaphunzira ndi akatswiri a kumeneko, mlungu ndi mlungu, m'malo mwa ulendo wa tsiku limodzi uja. A chaka chachiwiri ndi chachitatu ankapita kukaphunzira ntchito m'zipatala, m'mayunivesite, m'makampani ndi m'mabungwe a mumzinda. A chaka chomaliza ankagwira pulojekiti yaikulu imene anadzisankhira okha, yoti adzaionetse asanatsazike.

Koma chimene ine ndimachiona kuti ndi mtima wa sukuluyi chilibe waya kapena batire. Mwana akangofika amaikidwa m'kagulu ka ana pafupifupi 20 kokhala ndi mphunzitsi mmodzi monga mlangizi, ndipo amakhala ndi mlangizi yemweyo zaka zonse zinayi. Mlangiziyo ndiye amakumana ndi makolo, ndiye amadziwa kuti kunyumba kwagwa maliro kapena bambo ntchito yawathera, ndiye amamuyankhulira mwana akasemphana ndi mphunzitsi wina. Lehmann anatenga maganizowa kwa Nel Noddings, katswiri wa nzeru za maphunziro amene analemba zambiri zoti kusamala munthu ndiye chiyambi cha kuphunzitsa. Pa sukuluyi mphunzitsi amalimbikitsidwa kudziona kuti akuphunzitsa ana, ndipo masamu kapena kemisitile ndi njira imene akuwaphunzitsira. Malamulo a sukulu anawafupikitsa kukhala atatu: dzilemekeze, lemekeza anzako, lemekeza sukulu monga malo ophunzirira. Pa nthawi imene sekondale zambiri za mumzindawo zinkaoneka ngati malo achitetezo, ana a pa msewu wa 22 ankadya nkhomaliro atakhala pansi m'makonde, ndipo ena ankalowa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu kukacheza. Mwana amene akudziwika saopa kufunsa funso looneka lopusa, ndipo sayansi yonse imayambira pa funso lotero.

Mbiri inafalikira msanga. Mu Januwale 2008 sukuluyo inayamba msonkhano wa pachaka wa aphunzitsi wotchedwa EduCon, umene ana okha ndiwo amalandira alendo, kuwaonetsa makalasi ndi kuyendetsa makina oulutsira zokambirana pa intaneti. Mu 2010 kalasi yoyamba inamaliza maphunziro, ndipo chaka chomwecho Bill Gates anacheza ndi ana a sukuluyi atabwera kudzalandira mphoto ku Franklin Institute. Gates yemweyo anali atalemba mu 2009 kuti masukulu aang'ono ambiri amene bungwe lake linathandiza sanasinthe kwenikweni zotsatira za ana. Kuchepa kokha sikuchiritsa. Sukulu ikachepa koma kaphunzitsidwe n'kukhala komweko, mwana amangosungulumwa m'chipinda chocheperako. Mu 2011 Lehmann analemekezedwa ku White House, ndipo mu Juni 2012 Pulezidenti Barack Obama anayankhula ndi ana omaliza maphunziro a sukuluyi ku Franklin Institute. Aphunzitsi ake nawonso anamveka: Diana Laufenberg anakamba nkhani yotchuka ya TED yokhudza kuphunzira kudzera m'zolakwa, Larissa Pahomov analemba buku lofotokoza kaphunzitsidwe ka pasukulupo mu 2014, ndipo Lehmann ndi Zac Chase anatulutsa lawo, Building School 2.0, mu 2015.

Kutchuka konseko sikunachotse sukuluyi m'thumba lobooka la mzinda wake. Malaputopu a ana atsopano chaka chilichonse ankafuna ndalama zimene sukulu inkachita kupemphetsa kwa makolo, mabungwe ndi akufuna kwabwino. Mu 2013 masukulu a Philadelphia anapezeka ndi mpata wa madola oposa 300 miliyoni mu bajeti. Mu Malichi komiti ija ya School Reform Commission inavomereza kutseka masukulu 23, ndipo mu Juni antchito pafupifupi 3,800 analandira makalata owachotsa: alangizi, makalaliki, othandiza pa nthawi ya chakudya, achiwiri kwa aphunzitsi aakulu. Science Leadership Academy inamva nawo ululuwo. Kumapeto kwa chakacho kampani ya Dell inalowererapo ndi thandizo, ndipo sukulu inasiya makompyuta a Apple n'kuyamba kugwiritsa ntchito ma Chromebook otchipirapo. Maphunziro sanagwedezeke ndi kusintha kwa makinawo, umboni wakuti sanatsamire pa mtundu wa kompyuta.

M'chaka chowawa chomwecho munabadwa sukulu yachiwiri. Beeber Middle School, ya ku dera la Wynnefield, inali pa mndandanda wa zotsekedwa, koma makolo ndi anthu a m'deralo anakana mpaka inapulumuka. M'nyumba yakeyo munatsegulidwa SLA at Beeber mu Seputembala 2013, yotsata kaphunzitsidwe komweko.

Lendi ya nyumba ya pa msewu wa 22 inkadya madola oposa 1 miliyoni pa chaka, ndipo akuluakulu a maphunziro anaganiza zosamutsira sukuluyi m'nyumba ya boma. Anasankha Benjamin Franklin High School pa msewu wa Broad, chinyumba chachikulu chimene ana ake anali atachepa, kuti masukulu awiriwo azikhala pansi pa denga limodzi. Ntchito yokonza nyumbayo, ya madola 37 miliyoni, inachitika mothamanga, ndipo ana a Benjamin Franklin anakhala akuphunzira m'fumbi ndi m'phokoso la omanga kwa chaka chathunthu anzawo asanabwere. Mu Seputembala 2019 tsiku lotsegulira linasunthidwa chifukwa ntchito inali isanathe. Patangopita milungu yochepa anapeza asibesitosi wowonongeka m'nyumbamo, chinthu chimene fumbi lake likalowa m'mapapo limatha kuyambitsa khansa patapita zaka zambiri. Nyumba inatsekedwa, ana pafupifupi 1,000 a masukulu onse awiri n'kukhala opanda kolowera kwa milungu ingapo. Pamapeto pake a Science Leadership Academy anakaphunzirira ku likulu la maofesi a maphunziro ndi m'zipinda za sunagoge wa Rodeph Shalom pafupi pomwepo, a Benjamin Franklin n'kutumizidwa ku nyumba ina kumpoto kwa mzinda. Anabwerera mu Febuluwale 2020, ndipo mu Malichi mliri wa Covid-19 unatseka masukulu onse.

Nkhani imeneyi imandipweteka pa chifukwa chimodzi. Ana a Benjamin Franklin High, sukulu yolandira aliyense wa m'dera lake, ambiri akuda ndi osauka, anapuma fumbi lija nthawi yaitali, aphunzitsi awo akudandaula, koma phokoso lenileni linamveka pamene makolo a sukulu yotchuka, odziwa kogogoda ndi kolankhula, anafika. Makolowo sanalakwe kumenyera ana awo, ndipo kufuula kwawo kunathandiza kuti mzinda wonse uyang'ane nyumba zake za sukulu, zimene zambiri ndi za zaka 70 kapena kuposa. Koma kusiyana kwa mawu a magulu awiri a ana a mzinda umodzi kunaonekera poyera.

Apa ndi pamene mwambo wa Central uja ukubwerera. Science Leadership Academy ndi ya boma ndipo salipiritsa fizi, koma imasankha. Kuyambira pachiyambi mwana wofuna malo ankayenera kukhala ndi magiredi abwino, mbiri yosajomba, ndi kubwera kudzaonetsa ntchito imene anapanga yekha pamaso pa mphunzitsi ndi mwana wa pasukulupo. Ofunsira malo amachuluka kangapo kuposa mipando. Njira imeneyi inabweretsa ana ochokera m'madera onse a mzinda, akuda, azungu, a ku Asia ndi oyankhula Chisipanishi, osakanikirana kuposa mmene zilili m'masukulu ambiri a ku America. Komabe wotsutsa ali ndi mfundo akamafunsa ngati zipatso za sukuluyi zimachokera ku kaphunzitsidwe kapena ku ana amene anasankhidwa kale ali akhama. Ine ndikukhulupirira kuti kudziwidwa ndi wamkulu mmodzi kwa zaka zinayi ndiponso kupatsidwa ntchito yeniyeni yoti upange n'zofunika kwambiri kwa mwana amene sakanapambana pa kusankhako kuposa kwa amene anapambana. Mu 2018 ulamuliro wa masukulu unabwerera m'manja mwa mzinda, ndipo mu 2021 akuluakulu anasintha kasankhidwe m'masukulu onse osankha ana: oyenerera amalowetsedwa m'maere a pa kompyuta, ndipo mphamvu yomaliza inachoka m'manja mwa aphunzitsi aakulu. Ena anati chilungamo chafika, ena anati masukulu alandidwa mwayi wodziwa mwana asanamulandire, ndipo mkanganowo unafika mpaka kukhoti.

Sukulu yachitatu ya banjali inatenga njira ina. Science Leadership Academy Middle School inatsegulidwa mu 2016 mogwirizana ndi Drexel University, ya ana a giredi 5 mpaka 8, ndipo imalandira ana a m'dera lake la ku West Philadelphia popanda kuwasefa ndi magiredi. Inayambira m'zipinda zobwereka za yunivesiteyo, kenaka inasamukira m'nyumba yatsopano imene imagawana ndi sukulu ya pulayimale ya Samuel Powel. Kumeneko ana a zaka 10, ena owerenga bwino, ena otsalira, amakhala ndi mlangizi wawo, amafunsa mafunso awo, ndipo pa kutha kwa gawo la chaka amaimirira kuonetsa zimene apanga.